Asimbi ndi Zisa za Mng'oma Womaliza

Tsiku limene Asimbi anatsegula mng'oma kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo anapeza mulibe njuchi.

Anali atavala ngati akupita kunkhondo: ovolosi ya amuna awo, masokosi awiriawiri m'manja, ndi katani wa neti atamukulunga kumutu n'kumumanga pakhosi ndi lamba. Anafukiza utsi wambiri mpaka kutsokomola okha. Atatukula chivundikiro n'kusolola kathabwa koyamba, anatsinzina kudikira mbola. Palibe chinawaluma. M'katimo munali zii. Zisa zinali lendelende m'mizere yake, zina zachikasu zina zakuda, koma pansi panali tinjuchi takufa tosadzaza ndi chikhatho chomwe, touma ngati mankhusu. Umenewo unali mng'oma womaliza mwa isanu ndi inayi. Asimbi anakhala pansi pa udzu, katani ali kumutu komweko.

Dzina loti Asimbi linachokera ku ntchito yawo. Kuyambira ali mtsikana ankachapa ndi kusita zovala za anthu: malaya a aphunzitsi, mayunifolomu a anamwino, nsalu za pabedi za nyumba yogona alendo ya pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Simbi yawo inali ya makala, yolemera ngati mwana wakhanda, ndipo kutentha kwake ankakuyeza poiyandikitsa patsaya. Amuna awo anthu ankangowatchula kuti Anjuchi. Iwowa ankagwira ntchito yocheka matabwa mpaka tsiku limene makina anawadya zala ziwiri za kudzanja lamanja. Atawachotsa ntchito anatola zidutswa za matabwa zotayidwa, nakhoma ming'oma, naiika kuseri kwa nyumba pamalo otsetserekera kukhwawa, pamene munthu sakanamangapo ngakhale khola. Aneba ankaseka kuti nyumba iyo osamalowa chisawawa, wina amaotcha wina amaluma.

Banjali linakhala zaka makumi atatu pa pangano limodzi: za njuchi n'za bambo, za simbi n'za mayi. Asimbi njuchi inawalumapo pachikope ali ndi pakati, nkhope n'kufufuma ngati mtanda wa buledi, ndipo chiyambire tsikulo kukhwawa sankapondako. Ntchito yawo pa uchi inali kusefa ndi kuthira m'mabotolo, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Koma uchiwo ndiwo unafolera nyumba ndi malata, ndiwo unaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo mpaka anakapeza ntchito yosoka pafakitale mumzinda waukulu.

Tsoka silinunkha. M'mawa wina Anjuchi anawerama kuti amange zingwe za nsapato, osadzukanso. Kuchipatala anabwerako mbali yonse ya kumanja itafa, pakamwa patapotoka, ndipo mwa mawu onse amene munthu amasonkhanitsa pa zaka makumi asanu ndi limodzi anatsala ndi limodzi lokha: bodza. Adokotala anati zimachitika, ubongo umasankha wokha chosunga. Abusa atabwera kudzawaona anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Mulungu sakusiyani, bambo." Anjuchi anawayang'ana ndi maso othokoza n'kuyankha kuti, "Bodza." Abusawo anafupikitsa pemphero. Koma Asimbi anaphunzira kulimva liwulo monga mmene mayi amamvera kulira kwa mwana. Likakhala lalifupi ndiye kuti inde. Likatalika, bodzaaa, ndiye kuti ayi. Likatuluka motsitsa, nkhope ili kukhoma, ndiye kuti ndisiyeni.

Miyezi isanu ndi itatu inatha Asimbi akutembenuza munthu pabedi, kumusambitsa, kumudyetsa ndi supuni, kwinaku mulu wa zochapa ukudikira. Ming'oma panalibe woiyendera. Iwiri inalowedwa ndi linthumbu. Iwiri akuba anaitentha n'kukolola zonse. Ina njuchi zinangosamuka m'nyengo ya dzuwa, maluwa atauma. Asimbi ankaziona zikudutsa pamwamba pa zingwe zoyanikira, n'kungoti mumtima, pitani bwino, ine manja ndi awiri okha. Unatsala umodzi, wapafupi ndi windo la kuchipinda, umene Anjuchi ankaumvetsera m'mawa uliwonse. Kenako nawonso unayamba kuchepa mawu.

Chimene chinawaveka ovolosi tsiku limenelo chinali foni ya mwana wawo dzulo lake.

"Amayi, ndaganiza. Mwezi wa mawa ukamatha ndibwera ndi lole. Mubwere kuno nonse."

"Kumeneko tikakhala pati, mwanawe? Chipinda chako chimodzi chija, pamwamba pa nyumba yosanjikizana katatu?"

"Tikakwana. Inuyo mukufera chiyani kumeneko? Msana watha, makasitomala akuchepa, njuchi zinathawa."

"Njuchi zilipo," anatero Asimbi, asanaganize n'komwe. "Zikugwira ntchito."

"Ngati zilipo ndidzaziona ndi maso angawa. Ngati kulibe, musadzandivute, tidzapakira."

Foniyo inali yokweza mawu, ndipo Anjuchi anamva zonse. Anagwira chitsulo cha bedi ndi dzanja lawo lamoyolo ngati lole yafika kale pakhomo. Asimbi nawo anaona bwinobwino zimene zinkabwera: amuna awo atasanjikidwa pamwamba pa nyumba ngati katundu pashelefu, osadzapondanso dothi, iwonso atakhala chopinda manja m'chipinda cha mwana, akudikira kupatsidwa. Njuchi zikanakhalapo akanakhala ndi chonena. Tsopano anali atanama, ndipo mng'oma unali gwa.

Masiku atatu anabisa. Polowa kuchipinda ankayamba nkhani zina, za mtengo wa sopo, za galu wa aneba. Anjuchi ankangowayang'ana, n'kutembenuzira khutu kuwindo. Tsiku lachinayi Asimbi anatsegulanso mng'oma uja n'kupeza pachisa chimodzi payala ulusi ngati wa kangaude, timphutsi totuwa tikuboola phula. Zinali njenjete. Apo anazindikira kuti ngakhale chotsalacho chikudyedwa iwo ali chiimire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anazula zisa zonse khumi, naziika m'beseni lochapira, nakalitula pabedi.

"Bambo, ndakubisirani. Zinatha. Zatsala ndi izi. Ngati pali chochita nazo, ndiuzeni, ine sindidziwa kanthu."

Anjuchi sanalire monga mmene Asimbi ankaopera. Anatambasula dzanja lamanzere, la zala zonse lija, natenga chisa choyamba. Anachinunkhiza nthawi yaitali. Anachikwezera kuwala kwa pawindo. Analoza bokosi la machesi, ndipo atapatsidwa kamtengo anabaya kachipinda kamodzi kotseka, nakasolola pang'onopang'ono akuyang'anitsitsa ngati katuluke ndi zonanda. Kanatuluka kouma. "Bodza," anatero mwachidule, nachiika pambali pa mwendo wawo. Anachita chimodzimodzi ndi chilichonse. Zinayi, za ulusi ndi zakuda kwambiri, anaziponya pansi. Zisanu ndi chimodzi anazisunga. Asimbi anamva tanthauzo lake: njuchizo sizinafe ndi matenda, ndipo nyumba imene zinasiya ikhoza kukopa zina.

Kenako Anjuchi anadzikumbatira ndi dzanja limodzi n'kuyamba kunjenjemera. Asimbi anathamangira bulangeti.

"Bodzaaa!"

"Nanga n'chiyani? Malungo?"

Analoza zisa, n'kunjenjemeranso. Analoza zisa, n'kuloza pawindo, kutsidya kwa msewu, kumene kunali butchala. Asimbi anaima njo. Mwini butchalayo anali mayi wamasiye, wamtali, wokonda kuseka mokweza, ndipo Asimbi anali asanamupatse moni kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Chifukwa chake chinali chakuti ankaona amuna awo nthawi ndi nthawi akuwoloka msewu ndi phukusi la m'nyuzipepala, kukalowa kuseri kwa butchala, n'kubwerako chimanjamanja akuimba mluzu. Sanafunsepo. Anangosiya kugula nyama pamenepo, n'kumasita malaya a amuna awo mokhulitsa ngati akulanga nsaluyo.

Anawoloka msewu beseni lili pamutu. Mayi wa butchala atawaona anaika chikwanje pansi, nasuzumira m'beseni.

"Zisa? Mwabwera nazo mochedwa, mayi. Ine ndimadabwa kuti chaka chino firiji yanga yapuma."

"Ndiye kuti ankabweretsa zimenezi?"

"Nanga n'chiyani china? Amati kuzizira kumapha mazira a njenjete. Masiku awiri pansi pa nyama, basi, n'kundipatsa kabotolo ka uchi." Anawayang'ana Asimbi kumaso, ndipo kuseka kunayamba kenako kunazima. "Inu mumayesa chiyani?"

Asimbi anangoyang'ana pansi pa utuchi.

"Mayi inu! Zaka zonsezi? Munthu wonunkha utsi uja? Bwerani nazo kuno, musandiliritse pamaso pa makasitomala."

Patapita masiku awiri zisazo zinabwerako zolimba ngati mbale, koma zitatu zinali zitathothoka pa timatabwa take. Asimbi anayesa ulusi, unadula phula. Anayesa waya, zinagwa. Mapeto ake anachita zimene manja awo ankadziwa: anakoleza makala m'simbi, naidikira ifike pa kutentha kositira nsalu yopyapyala, napititsa m'mphepete mwa chisa pamimba pa simbiyo kamodzi kokha, n'kuchimata msanga pakathabwa phula lisanagwire. Anang'amba malaya akale n'kumanga chilichonse ndi timizere tiwiri. Fungo la phula lotentha linadzaza nyumba, ndipo kuchipinda kunamveka liwu lalifupi lija katatu konse.

Mng'oma anaukwecha, nauwaula ndi moto m'kati, naukweza padenga la bafa monga mmene chala cha amuna awo chinalozera. Kenako kudikira kunayamba.

Sabata yoyamba kunabwera njuchi ziwiri. Zinazungulira pakhomo pa mng'oma, zinalowa, zinatuluka, n'kupita. Mawa lake zinabwera zisanu. Asimbi anasamutsira tebulo lositira panja kuti aziona, ndipo ndi mmene anawotchera malaya oyera a mphunzitsi wamkulu, chizindikiro cha simbi chathunthu pamsana. Zaka makumi atatu ndi mphambu anali asanawotchepo chovala cha munthu. Mphunzitsiyo sanakalipe. Anangotenga zovala zake zonse, zosita ndi zosasita, n'kunena kuti, "Mwatopa, mayi, pumulani." Mawu amenewo anawapweteka kuposa chipongwe. Njuchi zisanu zija sizinabwerenso.

Sabata yachitatu, dzuwa lili paliwombo, anamva mkokomo ngati wa lole yakutali. Atakweza maso anaona chigulu cha njuchi, bii ngati utsi wa matayala, chikubwera molunjika padenga la bafa. Anagwira pakamwa. Chinafika, chinachita ngati chikutsika, n'kupitirira. Asimbi anataya simbi pamchenga n'kuyamba kuchithamangira, opanda nsapato, akukuwa ngati akuitana mwana. "Bwererani! Nyumba ilipo! Bwererani, inu!" Anadutsa pakati pa ogulitsa makala, anawoloka msewu njinga zikuwaimbira mabelu, ndipo pa ngalande ya kuseri kwa sitolo anaphonya phazi n'kugwa chafufumimba. Podzuka, bondo likuchucha magazi, kumwamba kunali mbee. Anthu anali atawazungulira, ena akufunsana motsitsa ngati matenda a bambo aja sanalowe mayiwa kumutu.

Anabwerera akutsimphina. Atatsitsa mng'oma kuti aone, anapeza njenjete zalowanso, zadya zisa ziwiri. Zinatsala zinayi, ndipo mwezi unali utatsala ndi masiku asanu ndi anayi. Madzulo amenewo, pomwetsa amuna awo tiyi ndi supuni, anawauza zonse.

"Bambo, ndalephera. Mwina mwana akunena zoona. Mwina tingopita."

Anjuchi anatseka pakamwa, nakana supuni, natembenukira kukhoma. Mawa lake sanadye. Mkuja wake anangomwa madzi. Asimbi ankayenda m'misewu nthawi ya masana, bondo atalimanga ndi nsanza, akufunsa alonda a pageti, osesa pamsika, okonza madenga, ngati aonapo njuchi zitaunjikana penapake. Ena ankaseka. Wina anawalozera chisa cha mavu.

Linali Lachiwiri m'mawa pamene mayi wa butchala anatulukira pakhomo ali wefuwefu, epuloni ya magazi ili m'chiuno.

"Siyani zochapazo! Kugalaja kwagwa njuchi, makaniko akufuna kuzitentha ndi petulo. Thamangani!"

Asimbi anatola ovolosi, katani, masokosi, katoni yaikulu ya sopo, ndi nsalu ya pabedi ya kunyumba ya alendo imene inali pachingwe. Galaja inali kutali ndithu, kupitirira siteshoni. Anapeza anthu ataima patali mozungulira, ndipo pakati panali minibasi yakufa yopanda matayala. Pansi pa madigadi yake, chitsulo chophimba pamwamba pa tayala, panalendewera chimulu cha njuchi chachikulu ngati ndowa, chikuwira pang'onopang'ono. Makaniko, bambo wamfupi wadazi, anali atamanga chiguduli kunsonga ya chitsulo, botolo la petulo lili m'dzanja lina.

"Bambo, chonde, musazitenthe. Ndipatseni ine."

"Mayi, makasitomala anga onse ali uko, akuopa kulowa. Ine ndidya njuchi?"

Asimbi anagwada pa dothi la oyilo, bondo lovulala lija n'kutsegukanso. "Ola limodzi lokha."

"Dzukani, mukundichititsa manyazi. Theka la ola. Kodi mumazidziwa zimenezi?"

"Ndimazidziwa," ananamanso.

Chimene ankadziwa chinali chimene anaonapo patali, pawindo lotseka. Anakwawira pafupi, naika katoni pansi pa chimulucho. Mkokomo wake unkamveka m'mano. Anatola thabwa, natchula dzina la Mulungu, namenya madigadi ndi mphamvu zawo zonse. Chimulucho chinagwera m'katoni kuti khu, ngati mtolo wa zovala zonyowa, ndipo mpweya wonse unasanduka njuchi. Anthu anabalalika. Pamene lamba anasiya mpata pakhosi, moto unalowa, kamodzi, kawiri, kenako anasiya kuwerenga. Anakutira katoni ndi nsalu ija, naimanga mfundo, naisenza pamutu, nayamba ulendo wobwerera, katunduyo akulira pabade pawo njira yonse.

Kunyumba anatenga mng'oma uja n'kuuika pa miyala pafupi ndi windo, nakhuthulira njuchizo pa zisa zinayi zija, navundikira. Anaima patali kudikira kuti zikhazikike. Sizinakhazikike. Zinkatuluka n'kumathamanga pakhoma la mng'oma uku ndi uku ngati anthu pamsika wakupsa, ndipo kulira kwake kunali kokwera, kosweka.

"Bodzaaa! Bodzaaa!"

Asimbi anathamangira kuchipinda. Anjuchi anali atadzikoka mpaka kutsamira pawindo, thukuta lili kamukamu. Analoza mng'oma, napukusa mutu. Kenako analoza Asimbi pachifuwa, naloza mng'oma, napukusanso mutu.

"Ine? Ndisapiteko?"

"Bodzaaa!"

Analozanso Asimbi, napinda dzanja ngati wanyamula khanda.

"Mayi? Mulibe mayi wake?"

"Bodza."

Mfumukazi, mayi wa njuchi zonse, yekhayo woikira mazira, inali itatsala kugalaja. Popanda iyo zonse zimene anasenza zinali gulu la ana amasiye loti pofika mawa libalalika. Anjuchi anaonetsa kutalika kwake ndi chala chachikulu ndi cholozera. Asimbi anasolola pilo m'nsalu yake, natenga nsaluyo, natuluka. Diso lakumanzere linali litatsekeka kale, milomo ikulemera, khosi likutentha ngati alisita. Sanathamange chifukwa sakanatha. Ankangoponya mwendo patsogolo pa unzake, akupempha kuti petulo uja akhale akadali m'botolo.

Anapeza makaniko atakhala pa tayala, chitsulo cha chiguduli chili pambali.

"Mwabweranso? Ine ndinati mwina mwakafera panjira. Zatsala zochepa m'katimo, ndimati ndimalize."

"Musamalize. Mwini wake ali momwemo."

M'kati mwa madigadi, pakona ya dzimbiri, munali kamulu kofanana ndi lalanje. Asimbi anayesa kukatapa ndi masokosi m'manja, koma sankamva chimene akugwira. Anawavula. Manja amene anazolowera chigwiriro cha simbi yotentha analowa m'njuchi ali osavala kanthu, ndipo anadabwa kuti zinali zofunda, zofewa, zikungoyenda pa zala. Anatapa kawiri n'kuthira m'nsalu ya pilo. Potapa kachitatu anaiona: yaitali, yamimba yosongoka, yofiirira kuposa zinzake. Inadutsa pa chala chawo n'kulowa mumng'alu wa pakati pa zitsulo ziwiri.

"Yalowa umu! Bambo, yalowa umu!" Mawu anawathera, n'kuyamba kulira mokweza ngati pamaliro, chipumi atachigunditsa pa minibasi.

Makaniko anatukwana motsitsa, nakokera kolala m'makutu, natenga sipanala. Mabawuti anali a dzimbiri. Loyamba linamasuka, lachiwiri linathyoka, ndipo pa lachitatu njuchi inamupeza padazi penipeni.

"Mayo! Taonani zimene mwandigwetsera, mayi inu! Gwirani uko, kokani!"

Chitsulocho chinakanuka. Mfumukazi inali pamenepo, njuchi zisanu zitaizinga. Asimbi anaikankhira m'nsalu ndi m'mphepete mwa chikhatho, mofatsa ngati akuchotsa phulusa pa malaya oyera, namanga kukamwa kwa nsaluyo.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Anamasula nsalu pakhomo pa mng'oma n'kuikutumula pang'ono. Sanaione ikulowa. Anangomva mkokomo uja ukutsika, ukutsikabe, mpaka unasanduka kung'ung'udza kwa pansipansi. Njuchi zimene zinali pakhoma zinatembenuka zonse n'kuyamba kulowa mondondozana, zina zitaima pakhomo mbuyo zili m'mwamba, zikukupiza mapiko. Kuchipinda kunali chete. Atasuzumira anapeza Anjuchi akuloza mbale ya chakudya cha m'mawa chimene anakana.

Asimbi anadwala masiku awiri, kusanza ndi kutentha thupi, maso onse atatsekeka. Mayi wa butchala ndiye ankabwera kudzatembenuza Anjuchi ndi kuphika, akuwauza nkhani zake zonse, iwo n'kumamuyankha ndi liwu lawo lija, iye n'kumafa nacho chiseko. A kunyumba ya alendo atalandira nsalu yawo ya madontho achikasu anatumiza uthenga woti apeza wochapa wina.

Lole inafika Loweruka. Mwana wawo atatsika n'kuona nkhope ya mayi ake, yotupabe mbali imodzi, chikwama chinamugwa m'manja.

"Amayi! Wakumenyani ndani?"

"Palibe. Ndi njuchi. Unati udzaziona ndi maso ako, ndi izo."

Anamufotokozera zonse, osabisa ngakhale bodza la pafoni lija. Mwanayo anamvetsera atagwira m'chiuno, misozi ya ukali ikulengeza.

"Ndiye mukanafa? Mukanafera pagalaja, abambo ali pabedi, ine ndikanamva kwa ndani? Ndiponso zimenezi zabwera dzana, mawa zithawa ngati zinzake. Mukufuna ndibweze lole chifukwa cha alendo?"

Funso lomwelo linkawadyanso Asimbi. Anayang'ana amuna awo. Anjuchi analoza mng'oma, kenako anasonyeza kanthu kakang'ono kwambiri pakati pa zikhadabo, naloza diso. Asimbi anamva: njuchi zikaikira mazira ndiye kuti zavomera nyumba. Anavala, nafukiza utsi pang'ono, nasolola chisa chapakati. Njuchi zinali zitachiyeretsa, zitaluma timizere ta malaya tija n'kutitaya panja, zitamata chisacho pakathabwa ndi phula latsopano loyera. Anachikwezera kudzuwa, nayang'ana m'timabowo. Diso limodzi linali lotupa, linalo linali litatha ndi zaka za utsi wa makala. Ankangoona mdima.

"Mwanawe, sindikuona. Bwera udzandionere."

"Ine? Pamenepo? Mwayamba misala eti?"

"Ukapeza mulibe kanthu, tipakira lero lomwe. Sindidzatsutsanso."

Mwanayo anayang'ana bambo ake pawindo, nayang'ana dalaivala wa lole amene anali atatseka kale magalasi. Anakalowa m'nyumba, natulukamo atadzikulunga neti yotchinga udzudzu kuyambira kumutu mpaka m'maondo, nayandikira cham'mbali ngati nkhanu. Asimbi anakupiza njuchi pang'ono ndi nthenga kuti pakati paoneke.

"Gwirani bwino, amayi, sindikuona. Pendeketsani. Dzuwa lilowe m'katimo."

Asimbi anapendeketsa chisacho.

"Muli chiyani?"

"Dikirani kaye." Mwanayo anasendeza nkhope pafupi, kuiwala mantha. "Muli tinthu toyera. Ngati timpunga tating'onoting'ono, taima chilili pansi pa kabowo. Kalikonse kamodzi. Umu, umu, umunso. Amayi, ndi tambiri!"

Asimbi anabwezera chisacho m'malo mwake bwinobwino, navundikira mng'oma, nayenda mpaka pakhonde. Pamenepo ndi pamene anakhala pansi.

Lole sinabwerere yopanda kanthu. Atakambirana mpaka tiyi kuzizira, anagwirizana kuti Anjuchi apite ndi mwana wawo kwa miyezi itatu, kuchipatala chophunzitsa odwala kuyendanso, ndipo Asimbi atsale. Anjuchi anavomera ndi kugwedeza mutu, atayamba aloza mng'oma, n'kuloza akazi awo. Anabwerako akuyenda ndi ndodo, pang'onopang'ono, mokwanira kufika pa miyala ya pansi pa windo n'kukhala pampando. Anakhala chaka china ndi theka, namwalira m'nyengo yozizira, pabedi lawo, m'nyumba yawo.

Lero Asimbi ali ndi ming'oma itatu. Amasitabe, koma za anthu ochepa, chifukwa mikono yayamba kukana. Uchi si wambiri, ndipo chaka chatha mng'oma umodzi unasamukanso. Mazira a njuchi sanawaonepo ndi maso awo mpaka pano. Amadikira mwana wawo akabwera patchuthi, amene amayamba wadandaula kuti iye sanabwerere zimenezo, kenako n'kuvula nsapato za mumzinda n'kufunsa kuti ayambire mng'oma uti.